Chikhothi Chobwereka

Ndisanaponde ku Mangalande, ndinali nditadziwa kale mmene akazi a kumeneko amavalira, kapena ndinene kuti ndinkadziyesa wodziwa. Kusekondale kwathu ku Malawi, mphunzitsi wathu wa zosoka anali mzungu wochokera kumeneko, ndipo m'kabati mwake munali mulu wa magazini akale a zovala amene ankatilola kuwaona Loweruka. Anzanga ankangothamangitsa masamba n'kumaseka zipewa. Ine ndinkaloweza chilichonse: kolala imagona bwanji, mabatani amakhala angati, siketi imathera pati. Masiku amenewo lamulo kwathu linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo, ndiye zovala za m'magaziniwo zinali ngati chakudya chimene umangochimva fungo kuchokera kwa aneba.

Popita ku America kukaphunzira, ndege yathu inatera ku London ndipo tinadikira ina kwa maola angapo. Ndinakhala pampando wa pulasitiki, chikwama chili pamiyendo, ndikuyang'ana nsapato za anthu odutsa. Kukhala kwanga konse ku Mangalande kunathera pampando umenewo.

Nditamaliza maphunziro, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndinapeza ntchito yotayipa malipoti mu ofesi ina ya ofufuza za matenda ku Bethesda. Ndinkakhala m'kachipinda kanga ku Alexandria, ulendo wautali ndithu m'mawa ndi madzulo. Ku ofesiko anthu ankati Chingelezi changa chimamveka ngati cha ku London. Tsiku lina mayi wina wa pa desiki yoyandikana ndi yanga anandifunsa ngati ndinakhalako kumeneko.

"Pang'ono," ndinatero.

Liwu limodzi lokhalo linandipatsa dzina. Kuyambira pamenepo wina akagula bulauzi ankabwera kudzandionetsa. Ine ndinkaigwira, n'kuitembenuza, n'kuweruza. Ndinkawauza kuti anthu a ku America amavala zinthu zofuula, pomwe Mngelezi amavala nsalu yofatsa yosokedwa bwino. Ndinkawafotokozera za mabulauzi a kolala yayitali ya timizeremizere imene inali itatchuka ku London, za madiresi a timaluwa ting'onoting'ono, za achinyamata a kumeneko amene ankang'amba dala zovala zawo n'kuzilumikiza ndi mapini. Zonsezi ndinkaziwerenga nditaimirira m'sitolo ina ya mabuku imene inkagulitsa magazini akunja. Ndinkawerenga mpaka mwini sitolo atayamba kutsokomola.

Chimene ndinalibe chinali chikhothi chenicheni. Ndinali ndi jekete yopyapyala ya nayiloni, ndipo nyengo yozizira ya chaka chimenecho inabwera molusa.

Kamodzi pamwezi ife a ku Malawi ndi a ku Zambia tinkakumana kutchalitchi china, ndipo mapemphero akatha tinkatsikira m'holo ya pansi kukamwa tiyi. Kumeneko kunali mayi wina wachikulire wa ku Zambia amene tonse tinkangomutchula kuti Anti. Anali namwino panyumba ina yosungirako okalamba. Unamwinowo anauphunzira ku Mangalande, m'tauni ina ya kumpoto, ndipo anakhalako zaka zambiri. Amuna awo anamwalirira komweko, kenako iwo anasamukira ku America ndi mwana wawo wamkazi mmodzi yekha. Sankakonda kukamba za ku Mangalande. Ndikawafunsa za masitolo a ku London ankangoti, "Mvula chabe, mwana wanga. Mvula na mbatatesi." Mumtima ndinkati ndi munthu amene anapita kumadyerero n'kukhala chofulatira.

Lamulungu lina anandiona ndikunjenjemera pakhomo la holo, manja ndawapisa m'khwapa.

"Iwe mwana, ufuna kufa na mphepo? Ndiye chovala chako ichi?"

"Ndazolowera, Anti."

"Wazolowera chani? Milomo yachita kuda. Tiye kunyumba."

Ankakhala ku Alexandria komweko, mtunda wa mphindi zochepa pabasi kuchokera kwanga. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi thumba lalitali la nsalu. Atatsegula zipi, ndinamva fungo la mankhwala othamangitsa njenjete. Mkatimo munali chikhothi cha ubweya wa nkhosa, chobiriwira modera, chokhala ndi timadontho tofiirira mu nsalu yake. Chinali cholemera ngati bulangete. Mabatani ake anali achikopa, olukidwa. Pakhosi panali kansalu kolembedwa dzina la sitolo ndi tauni imene chinasokedwa. Ndinali nditaona zikhothi zotere m'zithunzi kwa zaka zambiri, koma ndinali ndisanachigwirepo ndi manja.

"Ananigulila ni atate ake a mwana wanga, chaka chamene tinakwatilana," anatero. "Ine manje nanenepa, sichinikwana bwino. Vala. Uzanibwezela kukayamba kufunda."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Ndikuwalemba pano chifukwa pambuyo pake ndinayesetsa kudzinamiza kuti sindinawamve.

Chinkandifika pakati pa akatumba. Mawa lake pamalo okwerera basi ndinaima mowongoka kwa nthawi yoyamba m'nyengo yonseyo, mphepo ikungondilambalala. Ku ofesi anthu anadzuka m'mipando. Mayi wa pa desiki yoyandikana uja anasisita mkono wa chikhothicho n'kufunsa ngati ndinachigula ndili ku London. Sindinavomere, sindinakanenso. Ndinangomwetulira n'kuchipachika pamalo oonekera.

Patapita milungu ingapo ku ofesi kunabwera wofufuza watsopano, mtsikana wamsinkhu wanga, Mngelezi weniweni wobadwira ku London. Anali ndi tsitsi lalifupi loimirira, nsapato zazikulu zachimuna ndi jekete ya mapewa otambalala. Anzanga anathamanga kukamuuza kuti pano pali mnzake amene anakhalako kwawo. Kwa masiku atatu ndinkamuzemba, ndikudya chamasana pa desiki, kuopa kuti angandifunse dzina la msewu umene ndinkakhala.

Tinakumana mu lifiti. Sanandifunse za msewu uliwonse. Anayang'ana chikhothicho kuchokera kukhosi mpaka kumpendero n'kuseka, kuseka kwabwinobwino kopanda njiru.

"Mwachifukula kuti chimenechi?" anandifunsa m'Chingelezi. "Ahedi athu anali nacho chonchi ndendende. Ndimangodikira kuti mundiuze kuti ndikoke masokosi."

Anthu awiri amene tinali nawo mu lifitimo anaseka nawo. Iye anapitiriza kunena kuti nsaluyo ndi yabwino kwambiri, kuti kwawo atsikana akumagula zikhothi zotere pamisika ya zovala zakale, n'kuzidula m'chiuno, n'kuikamo masiponji m'mapewa. Anatero n'kutuluka, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika pa desiki yake anali ataiwala. Ine mawu akuti ahedi anandikhala m'khutu tsiku lonse. Madzulo ndinadziyang'ana pagalasi la sitolo ndipo ndinaona mayi wokalamba wopita ku msonkhano wa makolo.

Loweruka masana ndinayala chikhothicho patebulo. Ndinali ndi makina osokera akale amene ndinagula kwa anthu ena osamuka, ndipo kusoka ndinkakudziwa. Ndinayamba ndi kungoyeza. Kenako ndinalemba mzere ndi choko. Ndinkadziuza kuti Anti anena okha kuti sichiwakwana, kuti munthu akati uzanibwezela amangonena mwaulemu, kuti chinthu chongokhala m'thumba chingakondwe kuvalidwa ndi wochidziwa.

Nditatembenuza kuti ndione mkati, ndinapeza kuti kumunsi konse nsalu yamkati inasokedwanso pamanja. Ulusi wake unali wakuda, wosagwirizana ndi mtundu wa chikhothi, ndipo msoko unali wokhotakhota, pena wothina, pena wotayana. Ndinapukusa mutu. Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya telala wina wosadziwa kanthu amene anaononga chovala chabwino. Zinandilimbitsa mtima, chifukwa tsopano ndinadziona ngati wokonza. Ndinatenga sizasi.

Nsaluyo inali yolimba moti chala chinatupa. Chidutswa chimene chinagwa pansi chinali chachikulu, chokwanira siketi ya mwana. Ndinapinda mpendero watsopano, ndinasoka, ndinasita ndi kansalu konyowa, ndinaika masiponji m'mapewa. Dzuwa lisanalowe ndinali ndi jekete yothera m'chiuno, ndipo kunena zoona inasokedwa bwino. Chidutswa chija ndinachikulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi makoko a anyezi, n'kukachiponya m'bowo la zinyalala la kumapeto kwa khonde lathu. Ndinachimva chikugwa mpaka pansi.

Lolemba Mngelezi uja anandiona n'kunena kuti, "Eya, tsopano ndiye zake." Basi. Anapitirira ndi mapepala ake. Tsiku lomwelo pamalo okwerera basi mphepo inandimenya m'ntchafu ngati kale, ndipo ndinayamba kuzindikira chimene ndinachita.

Kutchalitchi mwezi wotsatira ndinapita nditavala jekete yanga ya nayiloni. Anti atandifunsa, ndinati chikhothi chili kochapitsa. Mwezi winawo sindinapite. Winanso sindinapite. Foni ikalira Loweruka ndinkaisiya ilire. Chipale chofewa chinasungunuka, mitengo ya m'misewu inachita maluwa, anthu anavula zikhothi. Tsiku lina ndinaiwala n'kuyankha foni.

"Mwana wanga, uli moyo? Takusowa."

"Ntchito, Anti. Yachuluka kwambiri."

"Chabwino. Nifuna nichisunge chikhothi chija, njenjete zisanayambe. Ungabwele nacho?"

Ndinati ndibwera nacho Lachitatu. Lachitatu linadutsa. Ndinayendayenda m'masitolo a zovala zakale, mpaka kuwoloka mtsinje kukafufuza mbali ya Maryland, kufunafuna china chofanana nacho. Sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani, ngati kuti mayi angalephere kuzindikira chovala chimene anakhala nacho zaka zoposa makumi awiri. Sindinachipeze.

Anti anabwera eni ake, Loweruka m'mawa, mwana wawo ndi amene ankayendetsa galimoto. Mtsikanayo anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zochepa, wophunzira pa yunivesite, ndipo Chinyanja ankachimva koma ankayankha m'Chingelezi. Nditatsegula chitseko Anti anandikumbatira, anandipatsa mbale ya chinangwa chophika, anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti ndaonda. Ndinawapatsa mpando. Ndinateleka tiyi. Ndinafunsa za ntchito, za okalamba awo, za mvula ya kwawo. Iwo ankayankha modekha mpaka mafunso anandithera.

"Manje tione chikhothi, tipite. Uyu ali na mayeso."

Ndinalowa kuchipinda. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, chovalacho chili m'manja. Kenako ndinatuluka n'kuchiika pamiyendo pawo.

Anachinyamula m'mapewa kuti achitambasule, manja ali m'mwamba monga munthu woyembekezera chinthu chachitali. Chinathera panjira. Anayang'ana pansi, ngati kuti mbali inayo yagwa. Anayang'ana kansalu ka pakhosi, anagwira batani limodzi. Mwana wawo ananena mawu amodzi okha m'Chingelezi, kuitana dzina la Mulungu.

Ndikanagwada pomwepo. Ndikanati, Anti, ndalakwa, ndikhululukireni. Pakamwa panga panatuluka zina.

"Ndi mmene akuvalira ku London masiku ano."

Anti anakweza maso. Sanakalipe.

"Ku London," anatero. "Unankhalako liti ku London, mwana wanga?"

Iwo ankadziwa ulendo wanga wonse. Ndinawauza ndekha nditangofika kumene, ndisanayambe kudzikometsa. Ndinayang'ana pansi.

Anatembenuza jeketeyo n'kuyendetsa chala mumsoko wanga watsopano, wowongoka bwino, kuchokera mbali ina mpaka inzake.

"Chidutswa chili kuti?"

"Anti?"

"Chamene unadula. Nipase chabe chamene icho. Vinangu vilibe kanthu."

"Ndinataya."

"Unataya kuti? Kapena tingachipeze."

"Ndi kalekale, Anti. M'zinyalala."

Tiyi anazizira m'makapu. Kenako Anti anayamba kulankhula, osati kwa ine kwenikweni, maso ali pa chovalacho. Anati chaka chomaliza cha amuna awo, atasiya ntchito chifukwa cha matenda, ankakhala pakhomo tsiku lonse pomwe iwo ali kuchipatala. Nsalu yamkati ya chikhothicho inali itang'ambika kumunsi ndipo inkalendewera. Tsiku lina pobwera kuntchito anawapeza bambowo atakhala pafupi ndi zenera, singano ili m'manja, akusoka. Anali asanagwirepo singano chibadwire, ndipo manja anali atayamba kunjenjemera. Zinawatengera sabata yathunthu. Ulusi umene anaupeza m'nyumba unali wakuda wokhawokha.

"Ananiuza ati, sunganiyendele mu tauni monga ulibe mwamuna," anatero Anti, n'kuseka pang'ono. "Nikachivala nenze kuumva msoko uja pa miyendo."

Mwana wawo anaimirira. Anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chingelezi ngati ndikudziwa kuti amayi ake sanalolepo ngakhale iyeyo kuvala chikhothi chimenecho. Anti anamuletsa ndi dzanja.

Ndinayamba kulira, ndipo ngakhale kulirako ndimachita nako manyazi, chifukwa kunachititsa kuti iwo ayambe kutonthoza ine. Ndinati ndiwagulira china, ndiitanitsa kuchokera ku Mangalande komweko. Anapukusa mutu. Anachotsa masiponji a m'mapewa aja, anangowakoka ulusi n'kuduka, anawaika patebulo pafupi ndi shuga. Jeketeyo anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba lalitali lija, limene anabwera nalo. Theka la thumbalo linkalendewera lopanda kanthu pamene ankatsika masitepe.

"Udye chinangwa chisanaume," anatero ali pakhomo.

Ndinadikira kuti nkhaniyo imveke. Tinali anthu ochepa, ndipo pakati pathu nkhani inkayenda pafoni kuchokera ku Alexandria kufika ku Gaithersburg tsiku lisanathe. Ndinkayembekezera kuti amayi a kutchalitchi ayamba kundiyang'ana cham'mbali. Palibe chinachitika. Patapita miyezi iwiri mayi wina wa ku Malawi anandiimbira kundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira kupemphera, ndipo m'mawu ake ndinamva kuti sakudziwa kanthu. Anti sanauze munthu, ndipo ayenera kuti analetsanso mwana wawo.

Ndinabwerera kutchalitchi. Ndinakhala kumbuyo, ndipo mapemphero atatha ndinafuna kuzemba, koma anandiona.

"Iwe, bwela unithandize makapu."

Tinatsuka makapu limodzi, iwo akutsuka, ine ndikupukuta. Anandifunsa za amayi anga kumudzi. Za chikhothi sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Kamodzi, patapita chaka, tili awiri m'khitchini ya holoyo, ndinayesa kupepesa moyenera. Ndinangoti, "Anti, za tsiku lija," iwo n'kundidula.

"Vinapita. Leta thaulo."

Ku ofesi ndinasiya kuweruza mabulauzi a anthu. Mayi wa pa desiki yoyandikana uja atandifunsanso za London, ndinamuuza kuti ndinangodutsa pabwalo la ndege. Anati, "Oo," n'kupitiriza kutayipa. Bodza limene ndinalisamala zaka ziwiri linafa choncho, popanda wolilira. Mngelezi uja anabwerera kwawo chaka chisanathe. Magazini aja ndinapitiriza kuwaona mwa apo ndi apo, chifukwa nsalu yabwino ndimaikondabe mpaka lero, ndipo ndikaona chovala chosokedwa mwaluso mtima umadumpha. Koma ndinaona kuti mapewa otambalala aja sanakhalitse. Pofika kumapeto kwa zaka zimenezo, zikhothi zazitali zinali zitabwereranso m'masamba omwewo.

Anti anapitiriza kundichitira zabwino. Nditadwala anabwera ndi phala. Nditapeza mwamuna, amayi anga sanathe kubwera ku ukwati, ndipo ndi Anti amene anakhala m'malo mwawo, kundilangiza ndi kundiperekeza. Mwana wanga woyamba atabadwa, anali iwo amene anamusambitsa koyamba.

Chinthu chimodzi chokha chinasintha. Anti anali munthu wobwereketsa. Mbale zawo zazikulu zagalasi, mipando yopinda, nsalu za patebulo, zonse zinkazungulira m'nyumba za anthu athu chaka chonse, ndipo ena ankazisunga miyezi osabweza. Ine sanandibwerekenso kanthu. Sankandikaniza ayi. Ndikawapempha mbale za phwando la mwana, ankati, "Nizabwela nazo." Ankabweradi nazo okha, n'kukhala mpaka alendo atapita, n'kuzitsuka okha, n'kuzikulunga m'mathaulo, n'kubwerera nazo tsiku lomwelo. Anachita zimenezi zaka zonse mpaka pamene anapuma pantchito n'kubwerera kwawo ku Zambia.

Amayi ena ankachita nsanje. Ankandiuza kuti ndili ndi mwayi, kuti Anti amandikonda kuposa wina aliyense, chifukwa kwa iwo amangotumiza mbale koma kwa ine amabwera okha n'kugwira ntchito mpaka kumapeto. Ine ndinkavomera kuti inde, amandikonda, ndipo sindinkanama. Ndikatero ndinkapita kukhitchini kukaima pambali pawo ndi thaulo, kudikira kuti andipatse mbale yoti ndipukute, iwo akuyang'ana.